Chala Choyenda Pamsana

Munthu wogwa mumtengo wa mango satembenuzidwa ndi munthu mmodzi. Pamafunika anayi. Wina agwire mutu, awiri agwire phewa, chiuno ndi miyendo, ndipo wachinayi, amene manja ake atsala opanda kanthu, ndiye mwini ntchito. Wakumutu akawerenga kufika katatu, thupi lonse limagubuduka kamodzi ngati chipika, mapewa ndi chiuno osasiyana ngakhale pang'ono. Apo m'pamene wachinayi uja amaika chala m'munsi mwa khosi n'kuyamba kutsika nacho pamzere wa timafupa totumphuka tapakati pa msana, kamodzikamodzi, ngati mayi wosankha nyemba palichero. Safulumira. Akufuna pamene wodwala adzidzimukire, pamene patupa, ndipo koposa zonse akufuna mpata, malo amene chala chingamire pakati pa timafupa tiwiri mozama kuposa pena ponse.

Kenako mafunso, omveka ngati achibwana. "Bambo, tagwedezani chala chachikulu chakuphazi. Kankhani dzanja langali. Apa mukumva? Nanga apa? Chigwereni mwakodzapo?" Amamukanda pang'ono pantchafu, pabondo, pakatumba, kuphazi, mpaka kumalo obisika kumene munthu wamkulu amachita manyazi kugwidwa, pakuti mitsempha yotsiriza ya msana imathera kumeneko, ndipo ikakhala kuti ikumvabe ndiye kuti njira yochokera ku ubongo sinadukiretu. Amafinyanso zidendene. Wogwa choimirira amatha kuswa chidendene ndi msana pakugwa kumodzi, ndipo ululu wa kumodzi umabisa kwinako.

Zonsezi sizifika mphindi 10, ndipo palibe makina alionse amene ayatsidwa. Koma ine ndimaona kuti m'mphindi zimenezi ndimo mwagona mutu wa mkangano umene madokotala a mafupa akhala nawo kwa zaka zoposa 70: fupa la msana likaphulika, munthuyu ang'ambidwe n'kuikidwa zitsulo, kapena thupi lake lipatsidwe mpata lidzilumikize lokha?

Pa mawu oti kuphulika sindikukokomeza. Msana ndi mafupa osanjikizana, ndipo pakati pa awiri alionse pali kankhata, kolimba kunja, kamadzimadzi mkati. Fupa lililonse kutsogolo kwake n'lonenepa ngati kachitsa, khungu lake lopyapyala, mkati mwake timabowo ngati chisa cha njuchi. Kumbuyo kwake kuli mphete, ndipo mphetezo posanjikizana zimapanga ngalande yodutsamo mtsempha waukulu wochokera ku ubongo. Munthu akagwa choimirira kapena chokhala, kapena galimoto ikagubuduka denga n'kumutsindira pansi, kulemera konse kumatsika chowongoka. Zamadzimadzi za m'kankhata sizifinyika. Zimaboola denga la fupa la m'munsi mwake n'kulowamo monga munsi wogwera mumtondo wakale, ndipo fupalo limasweka kuyambira mkati, zidutswa n'kumwazikira mbali zonse. Zopita kutsogolo ndi m'mbali sizidetsa nkhawa kwambiri. Chopita kumbuyo chimalowa m'ngalande muja.

Kawirikawiri zimachitikira pamalo amodzi, pamene nthiti zathera. Mafupa 12 a kuchifuwa ndi omangika ku nthiti, sagwedezeka kwenikweni. Mafupa 5 a m'munsi mwake ndi omasuka, ndiwo timawerama nawo polima. Pokumana cholimba ndi chomasuka m'pamene pamathyoka, monga mpini umathyokera m'khosi mwa khasu. Mafupa a pamalowa madokotala amawatcha T12 ndi L1. Tsoka lake, mtsempha waukulu uja umathera chapomwepo, cha pa L1 kapena L2, ndipo nsonga yakeyo ndiyo imalamulira chikhodzodzo, chimbudzi ndi mphamvu za m'banja. M'munsi mwake mumangotsika timitsempha tambirimbiri tolendewera, timene akale anatitcha mchira wa hatchi, ndipo timeneti timapirira kupanikizika kuposa mtsempha weniweniwo.

Amene anapatsa kathyokedwe aka dzina lake ndi Frank Holdsworth wa ku Sheffield, mu 1963, pogwiritsa ntchito mawu achingerezi oti burst. Chodabwitsa kwa wophunzira wa lero n'chakuti iye anakaika m'gulu la mathyokedwe okhazikika. Ankati msana suima ndi mafupa okha. Kumbuyo kwake kuli minofu yolimba ngati luzi, yomanga fupa ku fupa, ndipo luzi limenelo likakhala lamoyo, nyumba siigwa ngakhale njerwa imodzi itaphwanyika. Likaduka, timafupa tiwiri timatalikirana. Mpata umene chala chija chinkafuna ndi umenewo.

Achibale akamva kuti wodwala wawo sapita ku fiyeta, mawu awo amakhala amodzi paliponse: "Angom'goneka, palibe chimene akum'chita." Ndimamvetsa, koma ndimamva chisoni, chifukwa njira yosang'amba ili ndi amisiri ake, ndipo woyamba amene ndimamuvulira chipewa ndi Lorenz Böhler wa ku Austria. Iyeyu anaphunzira mafupa pa asilikali a nkhondo yoyamba yapadziko lonse m'chipatala cha ku Bozen, ndipo mu 1925 anatsegula chipatala cha ovulala pantchito ku Vienna atakopa bungwe la inshuwalansi ya antchito ndi masamu okha: kuchiritsa bwino n'kotchipa kusiyana ndi kulipira wolumala moyo wake wonse. Chiphunzitso chake chinali patatu, kuwongola fupa, kuligwira, ndi kulimbitsa thupi fupalo lili chigwidwire.

Wothyoka msana ankamuika molendewera kuti msanawo upindikire m'mbuyo ndipo fupa lophwafuka litambasuke. Mnzake wa ku Liverpool, Reginald Watson-Jones, ankachita zomwezo pogoneka wodwala chafufumimba pakati pa matebulo awiri osiyana msinkhu, mimba ili lendee pakati. Ali chomwecho ankamukulunga chikhakha kuyambira pachifuwa mpaka m'chiuno. Wosadziwa amayesa chikhakha ndi mgolo woikamo munthu. Ayi. Chikhakha chabwino chimakanikiza malo atatu okha: pafupa lapachifuwa, pafupa lapachinena, ndi kumbuyo pamene pathyoka, monga mmene munthu amawongolera nsungwi, manja awiri mbali ino, bondo mbali inayo. Pulasitala sidikira munthu, imayamba kuuma m'mphindi zochepa, ndiye woumba ayenera kudziwiratu kumene manja ake apite asananyowetse bandeji yoyamba. Amasisita ndi zikhatho, osati nsonga za zala, pakuti chala chimasiya kadzenje kunja, ndipo kadzenje kunja ndi kachulu mkati, kamene pakutha pa sabata kadzakhala katadya khungu. Pamafupa a chiuno amaumba mokumbatira kuti chikhakha chikhalepo, chisakwere kukhosi munthu akakhala pansi. Pamimba amaboola zenera kuti apume, adye akhute. Woumba mbiya angaone ntchito imeneyi n'kuizindikira kuti ndi yakwawo.

Ndiye Böhler sankalola munthu wa chikhakha kugona. Pakapita masiku ochepa ankamuimiritsa, kumuyendetsa, kumuchititsa masewera olimbitsa minofu ya msana, mpaka kumusenzetsa thumba la mchenga pamutu. Azungu anzake ankaona ngati zodabwitsa. Amayi athu obwera kuchitsime sakanadabwa n'komwe. Amadziwa kuti katundu wapamutu salola msana kuwerama, ndipo amaulimbitsa tsiku ndi tsiku.

Chikhakha chili ndi malire ake. Kwa munthu amene miyendo yafa ndipo khungu silikumva, chimasanduka mdani, chifukwa chilonda chimakula mkati mwini wake osadziwa. Apa ndi pamene panadzera Ludwig Guttmann, Myuda wothawa ku Germany mu 1939, amene anapatsidwa wodi ya ovulala msana ku Stoke Mandeville ku England mu 1944. Nthawi imeneyo ambiri mwa odwala otere ankafa pasanathe nthawi, osati ndi fupa, koma ndi zilonda zogonera malo amodzi ndiponso matenda a m'njira ya mkodzo. Zida za Guttmann zinali mapilo ndi wotchi. Mapilo ankawayala mosiya mipata kuti mafupa otumphuka asakhudze kanthu, pilo wina wopindidwa n'kumuika pansi pa pothyoka kuti msana uziwongoka wokha ndi kulemera kwa thupi. Kenako kutembenuza: maola awiri alionse, usana ndi usiku, anthu atatu kapena anayi kunyamula limodzi, kwa masabata ambirimbiri. Dziko limamukumbukira chifukwa cha masewera a opuwala amene anawayambitsa mu 1948, amene anabala ma Paralympics. Ine ndimakumbukira anamwino ndi othandizira aja a 2 koloko usiku, kenako 4 koloko, kenako 6, amene mayina awo sanalembedwe paliponse. Gadiyani aliyense amene anagonapo pansi pa bedi la m'bale wake wopuwala akudziwa kulemera kwa wotchi imeneyo.

Wachitatu ndi E. A. Nicoll, dokotala wa anthu a m'migodi ya malasha ku Mansfield. Mu 1949 analemba za anthu 152 a mumgodi othyoka msana, ambiri mwala utawagwera pamsana ali chowerama, ngozi yomwe agogo athu opita ku Wenela ndi ku Theba ankaidziwa bwino. Funso la Nicoll silinali loti chithunzi chikuoneka bwanji. Linali loti munthuyu wabwerera kukakumba malasha kapena ayi. Anapeza kuti ambiri amene anabwerera ku ntchito yolemetsa anali ndi mafupa olumikizika chokhota, ndipo ena owongoledwa bwinobwino ankadandaulabe. Kukongola kwa chithunzi ndi mphamvu za munthu sizinkayendera limodzi. Mfundo imeneyi yaiwalika n'kutulukiridwanso kangapo kuchokera pamenepo.

Tsopano tiwolokere kwa ong'amba, pakuti nawonso ndi amisiri, ndipo wodziwa zimene manja awo amachita sangawanyoze. Holdsworth yemwe uja ankamanga ndi timapuleti misana yoduka luzi, ndipo anakangana ndi Guttmann zaka zambiri pa nkhani imeneyi. Koma zitsulo zoyamba zodalirika zinali za Paul Harrington wa ku Houston, amene anazipangira ana opindika msana ndi poliyo m'zaka za m'ma 1950: ndodo zazitali zokhala ndi ngowe zokola kumbuyo kwa mafupa. Zinkagwira ndithu, koma pofuna kuchirikiza fupa limodzi losweka zinkamanga mafupa 5 kapena kuposerapo, munthu n'kutsala ndi msana wouma ngati thabwa. Kusintha kunachokera ku Paris, kumene Raymond Roy-Camille anayamba m'zaka za m'ma 1960 kulowetsa masikuluwu kudzera m'pediko.

Pediko ndi kamlatho ka fupa kolumikiza kachitsa kakutsogolo ndi mphete yakumbuyo, kamodzi kumanja, kamodzi kumanzere. Ndi malo olimba kuposa ena onse pafupalo, koma opapatiza zedi. Pa L1, mwa anthu ambiri, m'mimba mwake simukwana sentimita imodzi, pamene sikuluwu yodutsamo imanenepa mamilimita 5 mpaka 7 ndi kutalika mamilimita 40 kapena 45. Khoma lake lamkati ndilo khoma la ngalande. Pansi pake pamadutsa mtsempha wopita kumwendo. Kutsogolo, kuseri kwa kachitsa, kwagona mitsempha ikuluikulu ya magazi. Ndipo pediko yeniyeniyo dokotala saiona. Wang'amba kumbuyo, akuona zakumbuyo zokha.

Khomo amalipeza ndi zizindikiro, pamene kanyanga ka m'mbali mwa fupa kakumana ndi mphepete mwa polumikizira. Amaboola pamwamba ndi kachitsulo kosongoka, kenako amatenga china chobuntha, chokhota pang'ono kunsonga, n'kumachipotokola pang'onopang'ono. Kuyambira apa maso alibe ntchito. Mkati mwa pediko ndi mofewa, chitsulo chimayenda chikukhuluza ngati mpeni m'chinangwa chachiwisi. Chikagunda khoma chimakana, ndipo wodziwa sakakamiza, amabwerera pang'ono n'kusintha kaloza. Chikangolowa mwadzidzidzi popanda chochiletsa, mtima umagunda, chifukwa ndiye kuti chatulukira kunja. Akachitulutsa amalowetsa kawaya kokhala ndi kambulunga kunsonga n'kugogoda makoma anayi ndi pansi pa dzenjelo, malo asanu, kumvetsera ngati ponse payankha fupa. Wogula mphika pamsika amaugogoda kuti amve mng'alu; n'zomwezo, kungoti kuno khutu lili kunsonga kwa zala. Lero kuli makina ounika m'fiyeta momwemo, kwina makompyuta olondolera ndi maloboti, kwina masikuluwu amalowera patimabowo tapakhungu popanda kusenda minofu. Zonsezo n'zabwino. Koma dokotala amene zala zake sizinaphunzire kumva fupa sadzadziwa tsiku limene makina akumunamiza.

Chimene chimandikomera koposa chimadza masikuluwu atalowa, awiri pafupa lapamwamba pa loswekalo, awiri palapansi, monga mmene Walter Dick wa ku Basel anakonzera m'zaka za m'ma 1980. Dokotala amawagwira ngati zigwiriro, amabwezera msana kapindikidwe kake, kenako amatalikitsa mafupa awiriwo pang'ono. Kuseri kwa timachitsa, mkati mwa ngalande, mumatsika luzi lalitali. Likakokedwa limakungika, ndipo pokungika limakankhira chidutswa chija kwawo, monga chingwe choyanikira zovala chimatukula bulangete mukachikunga. Dokotala wabweza fupa limene sanalikhudze, ngakhale kuliona. Zimatheka m'masiku oyambirira okha, thupi lisanayambe kumata, ndipo sizitheka ngati luzilo laduka kapena chidutswacho chagadabuka. Zikatero amalowera m'mbali, pansi pa nthiti, kuchotsa fupa loswekalo n'kuikapo kakhola kachitsulo kodzaza tizidutswa ta fupa.

Chitsulo pachokha sichichiritsa. Chimangogwirira fupa katundu kufikira litalumikizika, ndipo pakati pa ziwirizi pali mpikisano. Waya mukamupinda kambirimbiri amaduka. Sikuluwu nayonso, munthu akamayenda, imapindidwa pang'ono pa sitepe iliyonse. Kutsogolo kukakhala kophwanyika kwambiri, katundu yense amagwera pa masikuluwu anayi aja ndipo amathyoka fupa lisanapole. Gulu la Robert Gaines ku Missouri linaonetsa zimenezi mu 1994, ndipo kuyambira pamenepo wong'amba wanzeru amayang'ana kaye kuchuluka kwa zidutswa asanasankhe kutalika kwa ndodo zake.

Nanga zinatani kuti kathyokedwe kamene Holdsworth ankati n'kokhazikika kayambe kuthamangitsidwira ku fiyeta? Ndikuganiza kuti mlandu waukulu uli ndi chithunzi. M'zaka za m'ma 1970 kunabwera makina a CT, ojambula thupi modula ngati magawo a buledi, ndipo kwa nthawi yoyamba madokotala anaona ndi maso awo chidutswa chitakhala m'ngalande, nthawi zina chitatseka theka lake. Ndani angaone zotero n'kupinda manja? Mu 1983 Francis Denis, amene ankagwira ntchito ku Minnesota, atapenda misana yovulala 412, anati msana uli ndi nsanamira zitatu, osati ziwiri, ndipo yapakati, imene ndi khoma lakumbuyo la kachitsa, ndiyo yofunika kuiyang'anitsitsa. Fupa lophulika limaswa yakutsogolo ndi yapakati yomwe. Ambiri anamva kuti ziwiri mwa zitatu zagwa, ndiye nyumba ikugwa. Masikuluwu analipo kale, manja anali ataphunzira. Wogula njinga yatsopano sasowa ulendo.

Apa ndi pamene ndimafikira munthu amene ndimamulemekeza kwambiri m'nkhani yonseyi, Kirkham Wood, amene panthawi ya kafukufuku wake anali ku Minnesota komweko. Iye ndi dokotala wong'amba misana. Mpeni ndiye khasu lake. M'zaka za m'ma 1990 iye ndi anzake anatenga odwala ophulika fupa la msana amene mitsempha yawo inali bwinobwino, n'kuwagawa mwamaere: ena opaleshoni, ena chikhakha kapena jekete lolimba lapulasitiki. Mu 2003 anafalitsa zotsatira za anthu 47, opaleshoni 24, osang'ambidwa 23, atawatsatira pafupifupi zaka zinayi. Kuwerama kwa msana pamapeto kunali pafupifupi madigiri 13 mbali ino ndi 14 mbali inayo. Ululu ndi kubwerera kuntchito sizinasiyane kwenikweni. Chimene chinasiyana ndi mavuto obwera pambuyo, amene anachuluka mwa ong'ambidwa, ndiponso ndalama, zimene zinaposa kanayi. Walira mvula walira matope: bala limatha kulowa tizilombo, magazi amatayika, chitsulo chimatha kuthyoka kapena kulasa, ndipo ena amabwereranso ku fiyeta kukachichotsa.

Wina akanalekera pomwepo. Wood anawafunafunanso anthu omwewo patapita zaka 16 mpaka 22, napeza 37, ndipo mu 2015 analemba kuti osang'ambidwa aja ndiwo anali ndi ululu wochepa ndi matupi omasuka. Taganizani mmisiri wa malata amene wapima nyumba kwa zaka 20 n'kubwera poyera kudzanena kuti pamalo akutiakuti udzu ukuposa malata ake.

Ndipo chidutswa chija, chimene chinaopsa aliyense? Mwa osang'ambidwa a Wood, gawo la ngalande lotsekedwa linatsika lokha kuchoka pa 34 peresenti kufika pa 19, pafupifupi mofanana ndi mwa ong'ambidwa. Thupi silisunga fupa losasenza kanthu. Limalinyenyanyenya pang'onopang'ono ngati chiswe mpaka njira itatseguka. Palinso china chimene chimanditenga mtima. Mtsempha umavulala m'kamphindi ka kugwa komweko, pamene chidutswa chimathamangira mkati n'kubwererako pang'ono. Chithunzi chojambulidwa mawa lake chimaonetsa pamene chidutswa chaima, osati pamene chinafika. Ngati munthu wadutsa m'kamphindi kameneko chala chake chachikulu chikugwedezekabe, choopsa chachikulu chapita kale. N'chifukwa chake funso lachibwana lija limalemera kuposa chithunzi cha makina a mamiliyoni.

Ndisakokere nkhani mbali imodzi. Anthu 47 ndi ochepa. Mu 2006 Jan Siebenga ndi anzake ku Netherlands, pa odwala oposa 30 pang'ono, anapeza zosiyana: kwa iwo ong'ambidwa ndiwo anachita bwino ndi kubwerera kuntchito mochuluka. Mu 2014 Christopher Bailey ndi anzake ku Canada anapita mbali ina, nagawa odwala 96, ena jekete, ena opanda chilichonse koma malangizo a kayendedwe, ndipo magulu awiriwo anafanana. Onsewa ankakamba za munthu wamtundu umodzi: mitsempha yamoyo, luzi lakumbuyo losaduka. Luzi likaduka, kapena mphamvu ya mwendo ikamachepa tsiku ndi tsiku, kapena chikhodzodzo chikayamba kukana, palibe wokangana; ameneyo ngwa ku fiyeta, ndipo msanga. Chimodzimodzi wovulala m'malo ambiri, amene mapapo ake sangapirire kugona, kapena wathupi limene jekete silingagwire. Kwa otere opaleshoni imagula chinthu chamtengo wapatali, kudzuka mawa.

Pofuna kuthandiza wosankha, Alexander Vaccaro wa ku Philadelphia ndi anzake anakonza mu 2005 kawerengedwe ka mapointi kotchedwa TLICS. Fupa lophulika ndi 2. Mitsempha yabwinobwino ndi 0. Luzi loduka ndi 3, lokayikitsa ndi 2. Zikakwana 3 kapena kucheperapo, osang'amba. 5 kapena kuposerapo, ng'ambani. Muli kanthu kena kanzeru mmenemo: mtsempha wovulala pang'ono umapatsidwa 3, pamene wodukiratu umapatsidwa 2, chifukwa mwa woyambayo mukadali choti n'kupulumutsa. Koma taphatikizani fupa lophulika ndi luzi lokayikitsa. Zikukwana 4, ndipo pa 4 pepala limangoti zili kwa inu adokotala. Akatswiri a mayiko ambiri anakhala pansi kupanga muyeso, ndipo pamalo ovuta kwambiri muyesowo unabweza mlandu ku chala chija, ku makina ojambula a MRI kumene aliko, ndi ku kudziwa munthu amene wagona pabediyo: msinkhu wake, ntchito yake, kutalika kwa kwawo, ndi ngati alipo womuyang'anira.

Kwathu kuno mkanganowu umamveka mwina, chifukwa kwa zaka zambiri wodwala wa kuboma analibe njira ziwiri zoti asankhepo. Amene wakhala akusenza ntchito ya mafupa m'zipatala za m'maboma ndi makiliniko ofesala a mafupa, amene maphunziro awo a miyezi 18 anayambitsidwa mu 1985 ndi Edward Blair. Luso lawo ndi lomwe lija la Böhler ndi Guttmann: manja, pulasitala, mapilo, wotchi. Chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION chitatsegulidwa pa Kamuzu Central ku Lilongwe mu 2023, khomo la masikuluwu linakula, ndipo n'zoyamikika, pakuti woduka luzi sayenera kugona miyezi itatu kudikira mwayi. Koma khomo likakula, kusankha woti alowepo kumalemera. Galimoto yonyamula odwala ndi imodzi, msewu ndi wa mabampu, ndipo amene amasankha woti aikwere ndi munthu wa chala chija, amene m'manja mwake muli chithunzi cha ekisire chokha. Amachiyang'anitsa pazenera. Pa chojambulidwa kutsogolo, mapediko amaoneka ngati timaso tiwiri pa fupa lililonse. Timaso ta fupa limodzi tikatalikirana kuposa ta anzake, laphulika. Pa chojambulidwa m'mbali amayeza kutsika kwa kachitsa ndi kutalikirana kwa timafupa takumbuyo.

Akasankha kusang'amba, ntchito yangoyamba. Ululu ukatsika, wodwala amavekedwa chikhakha kapena jekete, a mafizo n'kumuphunzitsa kudzuka: agubuduke cham'mbali, atsitse miyendo, adzikankhe ndi chigongono, msana uli chowongoka. Amakhala m'mphepete mwa bedi mpaka chizungulire chitatha, kenako amaima. Akaima amajambulidwanso ali chiimire, chifukwa fupa logona limatha kunama. Katundu wa thupi ndiye amaulula ngati luzi likugwiradi. Msana ukawerama kwambiri, kapena dzanzi likayamba, chiganizo chimasinthidwa tsiku lomwelo popanda manyazi. Zikakhala bwino amabweranso pakatha masabata awiri, kenako 6, kenako 12, ndipo ulendo uliwonse funso ndi lomwe lija la chala chachikulu ndi mkodzo.

Chovuta kwambiri chimatsalira tsiku lotuluka. Mango amapsa mvula ikamayamba, ndiye wogwa mumtengo wa mango amatuluka m'chipatala udzu utamera m'chimanga. Amamvetsera malangizo onse mwaulemu, osawerama, osanyamula, osapotoza chiuno, osakwera kabaza, miyezi itatu. Kenako amayang'ana mkazi wake, amene wanyamula kale mphasa ndi mapoto.

"Nanga kumunda, adokotala?"

"Khasu ayi, bambo. Mpaka Malichi."

"Ngakhale kungopalira pang'ono chabe, m'mawa?"

Dokotala amasiya bamboyo n'kutembenukira kwa mkazi wake. "Mayi, makasu onse mukawasungitse kwa achimwene anu."